Kawilo ka ku Joni ka Amjomba

Mukadzafika kwa Kawinga n'kumva anthu akuitana kuti "Injiniya!" kumbuyo kwa bambo wina wamtali wokwera njinga yopanda madigadi, musadzayese ndi ulemu. Bamboyo ndine, ndipo dzinalo ndinalitola m'matope a nyanja ya Chiuta.

Kwathu ndi ku Balaka, koma ndinakwatira kuno, ndiye ndili pachikamwini. Ntchito yanga ndi yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Sikudzitama ayi, koma njinga zambiri zonyamula matumba kupita ku Nayuchi zimayendera manja angawa. Kungoti pachikamwini, ngakhale ukhale ndi luso lotani, umakhalabe mlendo wolima minda ya eni. Ine ndi mkazi wanga tinali titapangana zosamukira ku Balaka, komwe akabaza ali mbwee, ndipo mbale wanga anali atandipezera kale kashedi pafupi ndi depoti. Chinatsala n'chimodzi, chilolezo cha chitengwa kuchokera kwa mwini mbumba, Che Saidi, amalume a mkazi wanga omwe tonse timawatcha amjomba. Anali atalonjeza kuti Lamulungu abale adzakhala pansi n'kutiyankha.

Tsono amjombawa anali ndi chinthu chimodzi chomwe ankachikonda kuposa mbuzi zawo. Mwana wawo Twaibu, yemwe ali ku Joni, anawatumizira ndodo yowedzera yonyezimira, yokhala ndi kawilo kokulungira twaini. Anzawo onse amawedza ndi nsungwi, iwo okha ya kawilo. Ankayenda nayo paphewa ngakhale popita kukagula mchere (njira ya kugolosaleyo ilibe ndi chithaphwi chomwe). Sabata yomweyo ya msonkhano, ndodo ija inagwera mumchenga, chopukusira cha kawilo n'kulimba, chikamazungulira n'kumakukuta.

"Akamwini," anatero atandiitanitsa pakhonde pawo, "paja mumati palibe chitsulo chimakukanikani. Kalowa mchenga aka. Mungotsukamo basi. Zinazo musakhudze iyayi."

"Amjomba, aka n'kamwana," ndinayankha. "Ine ndimatsegula mahabu a njinga za ku Mozambiki."

Nditafika nako kunyumba, mkazi wanga anandiyang'ana mmene amayang'anira nkhuku ikayandikira ufa woyanika.

"Bambo a Shakira, akuti kutsuka basi. Mwamva? Ine ndamanga kale mapoto anga."

Ndinayala thumba pansi, kumasula tizomangira, kutsuka zonse ndi parafini ndi mswachi wakale, kupaka girisi, n'kubwezera. Nditapukusa, kawilo kanazungulira myaa, kopanda ndi phokoso lomwe. Abale anga, ndikanaima pomwepo, bwenzi pano ndikukusimbirani nkhani ina ndili ku Balaka, ndikumwa tiyi wamkaka.

Koma dzanja linayabwa. Ndinakoka twaini mwamphamvu kuti ndione ngati kakugwira, ndipo ndinangomva krrrr, twaini n'kumatuluka. Ndinakokanso. Krrrr. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa matendawa ndimawadziwa. Njinga ikayamba kuti ukaponda pedulo tcheni chikuzungulira koma tayala lili duu, ndiye kuti fuliwilo yafa. Ndinadziuza kuti amjomba akhala akuyenda ndi chinthu chodwala osadziwa, ndipo wochiza wake ndine, mkamwini yemwe amangomuona ngati khasu.

Ndinamasula kachitsekero kapamwamba. Mkatimo ndinapeza timawashala tosanjikizana, tina tachitsulo, tina tansanza ngati tadulidwa ku chipewa chakale. Ndinaseka ndekha. Anthu a ku Joni, ndi nyumba zosanja zonse zija, kuika nsanza m'makina! Ndinatitaya kudzala, n'kuikamo mawashala enieni a habu ya njinga, n'kuthira supagulu mosaumira. Atauma, ndinamanga twaini ku mtengo wa khola la mbuzi n'kukoka mpaka khola linagwedezeka. Kawilo kanali zii. Pathumba paja panatsala kasipuling'i kamodzi, koma aliyense wokonza zinthu amadziwa kuti chotsala ndi chomwe a fakitale anangoikamo mowonjezera. Ndinakaponya m'thumba la malaya.

"Amjomba, mchenga ndachotsa," ndinatero pokapereka. "Ndapezanso matenda ena omwe simumawadziwa. Ndachiza ulere."

"Matenda anji?"

"Kamataya twaini."

Anakoka twaini. Zii. Anakokanso.

"Nanga kanyimbo kaja kapita kuti?"

"Kulira ndi matenda, amjomba. Njinga yabwino siilira."

Anasisita ndevu zawo. Kenako anati, "Chabwino. Mawa mukandipalasire bwato tikaone." (Ine ndinamva ngati andipatsa kale chitengwa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.)

Loweruka m'mawa tinalowa m'madzi, amjomba kutsogolo atavala kofia yawo yoyera, ine kumbuyo ndi nkhafi. Sitinapite kutali, tinangozungulira mabango pamalo poti amayi ochapa pagombe ankationa bwinobwino. Ndikuganiza kuti amjomba anasankha dala malowo, poti ndodo ya ku Joni siifuna kuwedza popanda mboni. Anaika nyambo, n'kuponya. Twaini inapita kutali mokongola, ndipo ine ndinakhosomola pang'ono kuti amayi aja adziwe katswiri wake.

Sipanapite nthawi, china chake chinameza. Ndodo inapindika mpaka nsonga kugunda madzi.

"Mlamba!" anakuwa amjomba, n'kudzuka chilili m'bwato. "Walahi, uyu ndi mkulu wa onse!"

Nsomba inathamangira kumabango, amjomba n'kupotokola kachitsekero kapamwamba kaja. Sikanasunthe. Anapotokolanso ndi dzanja lonse.

"Akamwini! Bwanji sikakulekerera?"

"Ndi momwe ndakonzera, amjomba! Gwirani zolimba!"

Anagwiradi zolimba, chifukwa ndodo ya mwana wawo sakanaitaya ngakhale kukanakhala ng'ona. Mlamba unakoka, twaini yakana kutuluka, amjomba akana kusiya, ndiye chomwe chinavomera ndi bwato. Linapendekeka, ndipo ndinangoona mwini mbumba yonse ya akazi anga akulowa m'Chiuta chamutu, phuvu! Ndodo inalira thyo, nsonga yake n'kupita ndi nsomba.

Apa ndiye ndinaonjezera tsoka pa tsoka. Pofuna kupulumutsa munthu, ndinagwira chomwe chinali pafupi, mwendo wawo, n'kuukokera m'bwato ndi mphamvu zanga zonse. Sindinaganize kuti ukakweza mwendo, mutu umatsalira pansi. Amjomba ankapalapata, ine n'kumati akumira, ndiye ndikokenso kwambiri. Anachita kundimenya chidendene pachibwano kuti ndiwasiye. Nditawasiya anangoimirira. Madziwo ankalekeza m'chiuno.

Sindidzaiwala mmene anaonekera, matope akuda kuyambira kumutu mpaka m'ndevu, m'manja atagwira chitsa cha ndodo, kofia ikuyandama kulowera ku Mozambiki. Pagombe amayi ena anagwa pansi ndi phwete, ena anabisa nkhope m'zitenje poti ndi akulu awo. Amjomba sanakalipe. Analavula matope, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Injiniya, palasani tizipita." Pamadzi mawu amayenda, ndiye dzina lija linakafika kumudzi ife tisanafike.

Madzulo ake Twaibu anaimba foni kwa mkazi wanga, mkaziyo n'kukweza mawu a foniyo kuti ndimve ndekha. Nditalongosola zomwe ndinachita, Twaibu anakuwa.

"Alamu, kaja amakapanga dala kuti kazilekerera! Nsomba yaikulu ikakoka, twaini izituluka pang'onopang'ono mpaka itope. Tinsanza tija ndiye mabuleki ake. Mwatiika kuti?"

Ndinati ndatisunga pabwino. (Nkhuku zinali zitafukula kale kudzalako.) Mkazi wanga anangopita kukamasula katundu wake, n'kumabweza mapoto pathandala limodzilimodzi, lililonse ndi phokoso lake. Pamenepo manyazi anandigwira zenizeni, chifukwa iye ankafuna kupita ku Balaka kuposa ine.

Lamulungu abale anasonkhana pansi pa mtengo kwa amjomba. Ine ndinakhala pakampando kafupi, chibwano chitatupa. Amjomba anatulukira atavala kofia yobwereka, n'kuika kawilo kaja pamphasa pakati pa anthu. Anapempha aliyense akokeko twaini. Onse anakoka, mpaka apongozi anga aakazi. Zii.

"Mwaona ntchito ya akamwini athu," anatero. "Akamanga chinthu, palibe chotuluka iyayi. Ine ndakalamba, koma sindikana kuphunzira. Kale ndinali munthu wolekerera, mwana akakoka pang'ono ndimati pita. Dzulo akamwini andiphunzitsa kuti kulekerera ndi matenda." Anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse. "Ndiye mwana wathuyu sachoka pamudzi pano. Komanso katswiri ngati inu tingamupereke bwanji kwa anthu a ku Balaka? Akatilaula kuti tawatumizira chiyani?"

Anthu anaombera m'manja. Inenso ndinaomba nawo, poti mkamwini sakula mwendo.

Kashedi ka ku Balaka kanatengedwa ndi wina wowotcha tchipisi. Dzinja lino ndapalira munda wa amjomba wonse, iwo atakhala pamthunzi ndi nsungwi yawo yatsopano, akuisema mfundo. Mkazi wanga anandikhululukira, kungoti akamapita kumsika amatenga foni yake ndi tochi, ndipo makina ake osokera amawakhoma ndi loko.

Kasipuling'i kaja ndikadali nako m'kachitini ka timisomali. Ndiye sabata yatha ndikudutsa pakhonde pa amjomba, ndinamva wailesi yawo ikuchita phokoso ngati mafuta ali pamoto. Ndinaima. Iwo anaona pomwe ndikuyang'ana, n'kuinyamula msanga kuiika pamiyendo, manja onse awiri pamwamba.

"Ikudwala imeneyo, amjomba," ndinatero.

"Ilekeni idwale, Injiniya."

Ndinapitiriza ulendo wanga. Koma ndikuuzeni zoona, vuto lake ndikulidziwa, ndipo ndi laling'ono kwabasi.