Giya Imodzi ya a Hilary Ngozo

Aliyense wokulira pa Nsipe akudziwa kuti malemu a Hilary Ngozo ankadana ndi magiya a njinga kuposa mmene ankadanirana ndi apongozi awo. Ankati magiya anawapangira alesi ndi odwala chifuwa. Mwamuna weniweni, giya imodzi basi, ndipo satsika pachitunda.

Njinga yawo inali yampikisano, yoonda ngati galu wa mlenje, mahandulo opindikira pansi. Bambo awo anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni ili ndi magiya khumi. Tsiku lomwe inakhala yawo, anathamangira nayo kwa Anwar, wokonza njinga pafupi ndi msika.

"Chotsa zonsezi," anatero a Ngozo.

"Zalakwa chiyani, bambo? Zonse zikugwira ntchito."

"Vuto lake n'lomwelo. Zikulanda ntchito miyendo yanga."

Anwar anadula mawaya, anamasula kachitsulo kosinthira magiya, n'kufupikitsa tcheni. Atafika pa fuliwilo, kagudumu ka mano ka kumbuyo kaja, anawayalira titatu kuti asankhe. Iwo analoza kakang'onong'ono, ka mano khumi ndi anayi, kolimba kupalasa.

"Aka n'kapamsewu wa tala, bambo. Kwanu kuja n'kokwera."

"Chitundacho chizolowera."

Chitundacho chimayambira pomwe ife akabaza timadikirira anthu, ndiye kanema tinkaonera waulere. Mkuluyo ankaimirira pamapedulo, mitsempha ya m'khosi ili toloo, maso ali tong'o, njinga ikudzandira ngati yaledzera. Nkhuku zinkawapitirira. Tsiku lina mayi wina wosenza nkhuni, mwana ali kumbuyo, anawapeza, kuwapatsa moni, kuwafunsa za kunyumba, mpaka kuwatsanzika.

"Tsogolani, mayi," anatero mwawefuwefu, "ine ndikuyendera minda."

Koma phazi pansi ayi, sanapondepo. Ndipo pakamwa pawo panali poyabwa. Akaona wakabaza akukankha njinga pachitundapo, ankakuwa kuti, "Ukuiperekeza kuti? Ndi mlendo?" Ine anandichita zimenezi nditanyamula Sheila, mtsikana amene ndinkamufuna ukwati. "Mwanawe, usalole! Wolephera chitunda, banja angalithe?" Sheila anaseka mpaka misozi, kenako anakakwatiwa ndi woyendetsa minibasi. Sindibisa, ndinawasungira mkuluyo chakukhosi zaka zambiri.

Ukalamba utafika, mawondo anayamba kulira ngati chitseko. Tinkangoti lero atsika, mawa atsika. Koma zodabwitsa, chaka ndi chaka ankakwera mopepuka, nthawi zina akuimba mluzu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri! Ena ankati apeza mankhwala. Ine ndinakana. Tsiku lina atalowa m'golosale, ndinagwada pa njinga ija n'kuwerenga mano a fuliwilo. Makumi awiri ndi awiri.

Anwar, amene anandiona ndikuwerenga, anandikokera pambali. "Achimwene, chonde. Akazi awo, mayi Dailes, ndiwo anandipempha. Njinga ikabwera kudzasintha matayala, ndimaika fuliwilo yokulirapo, mano awiriawiri chaka chilichonse. Maso awo anafooka, sazindikira. Tsekani pakamwa."

Ndinatseka, inde, mpaka tsiku la msika.

Anthu atadzaza, ndinagwira chishalo cha njinga ija n'kukuwa: "Bwerani mudzaone mwendo wa mwamuna weniweni!" Ndinaika chala padzino loyamba, gulu lonse n'kumawerenga nane mokweza. Titadutsa khumi ndi anayi, ogulitsa mbatata anasiya malonda. Pofika makumi awiri, wina anali atagona m'fumbi ndi phwete.

"Agogo, ndiye kuti amakukwezani ndi amayi a kunyumba!" wina anakuwa.

A Ngozo sanatukwane, ndipo zimenezi zinali zisanachitikepo. Anagwada, anapapasa mano aja ndi chala, limodzilimodzi. Atadzuka anayang'ana Anwar.

"Kafuliwilo kanga kaja ukadali nako?"

"Bambo, musatero."

"Bwezera."

Anwar anabwezera, ife tikuombera m'manja. Msika wonse unakhamukira kuchitunda. Poyamba tinkaimba nyimbo zowanyoza. Pakatikati nyimbo zinazilala, kunkangomveka tcheni ndi mpweya wawo, ngati munthu akucheka thabwa. Ndinafuna kukuwa kuti tsikani, bambo, mwapambana, koma manyazi anandiletsa. Anafika pamwamba phazi lisanagunde pansi. Anatsamiritsa njinga kukhoma, anakhala pakhonde, ndipo sanadzukenso ndi miyendo yawo. Patatha masiku atatu anatisiya kuchipatala cha ku boma.

Maliro atatha, mayi Dailes anatsika chitunda wapansi n'kundipeza pamalo athu. Sanakalipe. Anamasula kansalu, n'kundiika m'manja fuliwilo yaikulu ija.

"Mano asanu ndi atatu owonjezerawa ndiwo ankandifikitsira mwamuna pakhomo tsiku lililonse," anatero. "Inu odziwa kuwerenga, sungani."

Masiku ano pachitunda paja pali zii. Timakankha njinga zathu mwamtendere, palibe wotifunsa kuti tikuziperekeza kuti, ndipo mtendere wakewo ndi wosakoma. Anwar amandikonzerabe njinga, koma moni anasiya. Fuliwilo ija ili m'chikwama cha zipangizo. Ndikamafufuza sipanala imandibaya chala, ndipo sindinapezebe mtima woitaya.