Nkhondo ya "Anthu Ena"

Tcherani khutu, inu mibadwo ya mawa, mumve za chaka chimene chisanu chinaluma mpaka m'mafupa, chaka chimene Bungwe la Manja Otambasula, gulu lachifundo losonkhana kuseri kwa shopu ya a Telala, linagwedezeka ndi mawu awiri okha.

A Telalawo, Mkango wa Singano, Odula Nsalu Osaphethira, Mwini Sizasi Yosabwerekedwa, anali atasoka mipendero ya mabulangete onse amene bungwe linasonkhetsa kuti likapereke kunyumba yosungira okalamba. Mabulangetewo anaunjikidwa pakona, kudikira msonkhano umodzi wokha wosankha tsiku. Koma msonkhanowo usanachitike, Mayi Wapampando, Namondwe wa Misonkhano, Otseka Nkhani Isanayambe, anaponya mkondo pagulu la pafoni: "Anthu ena akamwa tiyi amasiya makapu osatsuka ngati ali ndi wantchito."

A Telala atawerenga, magazi anawira. Shopu ndi yawo, beseni lotsukira ndi lawo. Anthu enawo angakhalenso ndani? Sanafunse, pakuti ngwazi sifunsa, imabwezera. Analemba kuti anthu ena amaiwala kuti denga limene amabisalamo mvula lili ndi mwini wake. A Dalaivala a bungweli, amene kapu yawo inali itamera nkhungu pawindo, anaona kuti onenedwawo ndi iwo, nayankha kuti anthu ena mafuta a galimoto amawayesa madzi a pampopi. Anamwino, membala winanso, anatuluka pagulu mwaukali, nabwereranso madzulo kudzaona ngati akunenedwa. Misonkhano inafa, ndipo anthu okonda osauka a dziko lonse anayamba kuwoloka msewu akaonana.

Koma njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. M'mawa wina a Telala anapeza makoswe ataboola bulangete la pamwamba, ataswerana pampendero umene iwo anausoka ndi manja awo. Manyazi anawagwira kwenikweni. Anaitana onse, ndipo onse anabwera, aliyense atanola lilime, nakhala moyang'ana khoma.

A Telala anaimirira, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda wa ufumu.

"Abale anga! Ine ndasoka masuti a maukwati amene anatha kalekale, ndakulitsa mathalauza a mabwana osawaulula, koma chipongwe chotere sindinachionepo! Lero tilankhulane maso ndi maso. Mayi Wapampando, anthu enawo ndani? Tchulani dzina, ndife tonse pompano!"

Mayi Wapampando anayang'ana nsapato zawo.

"Achimwene, uthenga uja unali wa kunyumba kwanga. Ndimanena bambo a ana anga. Chala chinangoterereka."

"Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi?"

"Ndikananena bwanji inu mutayankha kale za denga? Ndinaona kuti anthu ena andiyamba dala."

Anayamba kuseka ndi a Dalaivala, kenako chipinda chonse, mpaka Anamwino anapempha madzi. Mtendere unakhazikitsidwa ndi mwambo waukulu: kapu ya nkhungu ija inanyamulidwa pathireyi ngati mfumu yogwidwa kunkhondo, ankhondo onse anafola pabeseni, wina kupaka sopo, wina kutsukuluza, wina kupukuta, wina kuombera m'manja. Ndipo panaikidwa lamulo la muyaya, lakuti aliyense wonena kuti "anthu ena" azitchula dzina nthawi yomweyo.

M'mawa mwake gulu lopambanalo linafika kunyumba ya okalamba dzuwa likuswa mtengo, pakuti chisanu chinali chitatsazika kale. Anatsitsa mabulangete thukuta lili kamukamu, najambulitsa akumwetulira. Agogo ena aamuna, okhala pabedi la pafupi ndi khomo, analandira lawo, nasisita mpendero, napisa chala pabowo la makoswe.

"Zikomo, ana anga. Wosokayu ndi katswiri. Koma limodzi mubwerere nalo. Mnzanga wa bedi ilo ankakufunsani tsiku lililonse, mpaka chifuwa chinamutenga." Anapinda bulangetelo bwinobwino, nalikhalira. "Kungoti anthu ena amachedwa."

A Telala, Mkango wa Singano, mlonda wa lamulo latsopano, anatsegula pakamwa kuti afunse dzina. Anayang'ana bedi lopanda munthu lija, natsekanso.