Chigamba Chomwe Ndinakana Kakhumi ndi Kanayi

Ndineneretu kuti mapepala onse a nkhaniyi ndili nawo, ndipo ndi mapepala omwewo amene anandigwetsa. Ndikanakhala wotaya zinthu ngati anzanga ena, bwenzi lero ndikudutsa pa Lisungwi osabisa nkhope m'chipewa.

Ine ndinagwira ukalaliki zaka makumi atatu, ndipo ndinapuma ndi lamulo limodzi: chinthu sichisinthidwa popanda kalata yosainidwa, ya chidindo. Kwathu kuno ku Chifunga ndimasunga chilichonse, ngakhale kapepala ka kuchipatala ka dzino lomwe ndinazulitsa kalekale (dzinolo kulibe, koma umboni ulipo).

Malume athu atadwalika kumudzi ku Dambe, ndinapita kukawajambula mawu pa foni. Ndinkafuna anene okha malire a munda wa nachesi pakati pa achemwali anga a Esinati ndi a Lufeyo, mwana wa mayi aang'ono. A Lufeyo ankati malire ndi ngalande, a Esinati ankati ndi mkuyu, ndipo pakati pa ziwirizi pali mizere itatu ya mitengo yomwe achemwali amadalira. Malume ananena zonse, pasanathe mwezi n'kutisiya. Mawuwo ndinawasamutsira mu laputopu yomwe anandipatsa mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre. Kenako foni ija inagwera m'ndowa ya madzi n'kuferatu, mawu a malume n'kutsala malo amodzi okha.

Tsono laputopuyo inali ndi khalidwe lomwe linkandinyansa. Ndikangolumikiza ku intaneti, kauthenga kankatulukira pakona, kunena kuti m'kati mwa makina mwapezeka bowo ndipo ndilole chigamba chilowe. Wolemba ndani? Palibe dzina. Siginecha? Ayi. Chidindo? Ngakhale cha mbatata. Ndiye ndinachita zomwe kalaliki wolongosoka aliyense angachite: ndinakopera uthengawo ndi bolopeni, liwu ndi liwu, tsiku ndi ola lomwe, pansi n'kulemba kuti, "Ndalandira. Ndikudikira kalata yeniyeni." Ndikatero ndinkadina batani loti nthawi ina, pepala n'kulowa m'failo.

Mwana wanga anandiuzapo pa foni kuti, "Adadi, kakatuluka kauthenga kameneko muzingovomera."

"Kuvomera chinthu chopanda siginecha? Ndinakulera choncho ine?"

Anangoti, "Chabwino adadi," ndi mawu omwe amayankhulira amayi ake akatopa nane.

Banja linagwirizana zokumana Loweruka lina ku Dambe kuti timve mawu a malemu, nkhani ithe. Lachiwiri la sabata imeneyo ndinawamvetseranso, n'kuona kuti malume ankayankhula motsika kwambiri. Ndinafufuza pa intaneti kapulogalamu kokweza mawu, n'kukapeza kaulere. Ndipo patsamba pakepo panali chidindo! Chofiira, chozungulira bwino, cha nthambi ziwiri m'mbali ngati cha pa satifiketi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati koma awa ndiye anthu odziwa ntchito, n'kukalowetsa osafunsa munthu.

Lachitatu m'mawa nditayatsa, ndinaganiza kuti magalasi anga ada. Ndinawapukuta. Mafailo onse anali atasintha mayina kukhala zilembo zopanda mutu. Ndinadina pa mawu a malume, osatseguka. Ndinadinanso mwaulemu, osatseguka. Pakati pa sikirini panali uthenga woti zonse zatsekedwa ndipo otsekawo akufuna dipo. Ndinakhala pampando tiyi mpaka kuzizira, pakamwa pali yasa. Mayi a kunyumba anandisuzumira n'kufunsa ngati kwagwa maliro.

Kudabwa kutachepa, mkwiyo unabwera, ndipo mkwiyo umafuna mwini wake. Ndinakumbukira kuti chaka chatha mayi Asiyatu, omwe amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kawo pa Lisungwi, anandisinthira batire. Risiti inalipo. Ndinavala jekete, n'kunyamula laputopu ndi failo, n'kukwera minibasi.

M'shopumo munali amayi awiri odikira mafoni awo ndi bambo wina wa kabaza. Ndinalonjera monga mwa mwambo, kenako n'kuyamba mlandu.

"Mayi, batire lanu landidyera mafailo."

"Batire silidya mafailo, agogo. Tabweretsani tione."

Anayang'anamo kanthawi, nkhope n'kusintha. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndilemba monga ndinamvera. M'kompyuta muli chigawo chapakati chomwe amati kenelo. Ndicho chimagwira makiyi a nyumba yonse, n'kumauza pulogalamu iliyonse kuti iwe khala pakhonde, iwe kuchipinda usalowe. Nthawi zina omwe anachipanga amatulukira kuti anasiya bowo, loti mlendo wa pakhonde atha kukwawirapo mpaka kukatenga makiyi onse. Akatero amasoka chigamba n'kutumizira aliyense.

"Vuto lake ndi ili, agogo," anatero. "Akangolengeza chigamba, akuba nawonso amadziwa pomwe pali bowo. Amayamba kusaka nyumba zomwe sizinatseke. Kapulogalamu kanu kaja kanalowa ngati mlendo, n'kupeza bowo lili chitsegukire. Kodi makinawa sanakuchenjezeni?"

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinamva ngati andipatsa bwalo.

"Mwa njira yoyenera, ayi. Umboni ndi uwu." Ndinatsegula failo pa kauntala, monyadira.

Mayi Asiyatu anatenga pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anayamba kuwerenga mokweza, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene sakukhulupirira maso ake.

"'Chigamba chofunika mwamsanga. Ndalandira. Ndikudikira kalata yeniyeni.' Agogo, mwalemba nokha izi?"

"Ndi dzanja langa."

"Onsewa? Khumi ndi anayi?"

"Ndi ola lomwe."

"Ndiye kuti anakugogoderani kakhumi ndi kanayi kuti nyumba ili pululu, inu n'kumalemba kuti mwamva kugogoda?"

Wa kabaza uja anatuluka panja mofulumira, koma khoma la shopuyo ndi la malata, ndinamumva akuseka. Mmodzi wa amayi aja anati, "Koma kulemba kwake n'kokongola, eti," ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati kunali kunditonthoza.

"Nanga kapulogalamu kaja munakavomera bwanji?"

"Kanali ndi chidindo."

"Chojambula, agogo. Ngakhale ine ndikhoza kukujambulirani zisanu musanamalize kuvula chipewa."

Ndinafunsa za mawu a malume. Anati makinawo atha kuwapukuta onse n'kuyambanso, chigamba n'kuikamo, koma zotsekedwazo sangazitsegule, ndipo ngakhale wopereka dipo sadziwa ngati akubawo angabweze kanthu.

Loweruka ku Dambe mbumba yonse inali itakhala pabwalo. A Lufeyo anati, "Achimwene, yatsani timve malemu." Ndinaimirira n'kuulula zonse. Nkhope ya a Esinati sindidzaiiwala. Koma ndinali ndi chinthu chimodzi m'jekete: tsiku lomwe ndinajambula mawu aja, ndinawakoperanso pa mapepala asanu ndi limodzi, monga mwa chizolowezi.

A Lufeyo anaseka. "Pepala ndi dzanja lanu, achimwene. Mutha kulembapo kuti malire ndi mwezi."

Ndinayamba kuwerengabe. Ndinali nditalemba zonse, ngakhale pomwe malume anatsokomola katatu ndi pomwe tambala anawadula mawu. Pa tsamba lachinayi maso anga anatsogola n'kuona mzere womwe ndinali nditauiwala. Ndinaima.

"Mwaimiranji? Werengani zonse, apo ayi pindani."

Ndinayang'ana achemwali, n'kuganiza za mizere itatu ija. Ndinawerenga pamaso pa alamu, apongozi ndi akazi anga omwe:

"'Iwe, chotsa kachinthu kako pamphuno panga. Unkakodzera mphasa mpaka uli sitandade sikisi, woyanika ndinali ine, lero ukufuna kundiphunzitsa kuyankhula?'"

Kenako bwalo lonse linagwa nako kuseka, mayi a kunyumba kuposa onse. A Lufeyo, akupukuta misozi, anati, "Amenewo ndi malume enieni. Palibe munthu angadzipekere zoterozo. Pitirizani, achimwene." Mzere wotsatira unali woti malire ndi mkuyu, ngalande ija inangokumbidwa dzana. Palibe anatsutsa.

Mitengo ya a Esinati inapulumuka. Ine ndikapita ku Dambe masiku ano, alamu amandifunsa mwaulemu wonse ngati andiyalire mphasa ziwiri.

Tsopano kauthenga kachigamba kakatuluka ndimavomera nthawi yomweyo, ndikangomaliza kukakopera. Ndalembanso kalata kwa opanga kenelo, yowapempha kuti machenjezo awo azisaina ngati anthu akuluakulu. Adiresi yawo sindinaipeze, koma kope la kalatayo lili m'failo.