Diresi la Maso Kumbuyo

Mukadzamva anthu a ku Zingwangwa akunena za mayi wa maso anayi, musavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhaniyi ikamayenda m'kamwa mwa ena ikumakula, moti ena afika ponena kuti diresi linang'ambika. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo likundiwawa kuposa kuseka konse kumene anthu anandiseka.

Apongozi anga aakazi atamwalira anasiya makina osokera, aja akuda opalasa ndi mapazi. Anali m'nyumba mwathu chifukwa miyezi yawo yomaliza anakhala ndi ife. Maliro atatha makinawo anangokhala pakona, titawaphimba ndi nsalu, pamwamba pake tikuikapo wailesi. Tsiku lina ndinawavundukula, n'kuwathira mafuta, n'kuyamba kuphunzira ndekha poonera mavidiyo pafoni. Ndinayamba ndi mapilokesi, kenako makatani a kuchipinda, kenako kupinda mathalauza a bambo a kunyumba (mwendo wina unatalikirapo pang'ono, koma iwowo amayenda chopendekera kale, ndiye palibe anazindikira). Ndinawakonda makina amenewo. Ana akapita kusukulu, nyumba ili zii, kulira kwake kunkandisangalatsa kuposa wailesi ija.

Vuto linali alamu anga, a Fanesi, achemwali awo aakulu a bambo a kunyumba, amene amakhala ku Bangwe. Mayi amenewa akalowa m'nyumba mwako, maso awo amayamba ayendera katundu yense asanakupatse moni. Atandipeza ndikupalasa makina aja anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Alamu, makina a mayi anga si chidole ayi. Ndikufuna ndiwatenge. Kwathu kuli telala weniweni akuwafuna."

"Ndiye ine ndi telala wabodza?"

"Inu mumasoka mapilokesi. Mzere wowongoka ngakhale mwana wa sitandade faifi akhoza kusoka."

Nthawi imeneyo kunali kutatsala masabata atatu kuti kuchitike chinkhoswe cha mwana wawo, Chisomo, ndipo monga mwa nthawi zonse, ife akuchikazi tinali titagula nsalu yofanana kuti patsikulo tidzaoneke kuti ndife amodzi. Aliyense anali atapita kale ndi yake kwa telala. Yanga yokha inali ikadali m'sutikesi. Pakamwa panga panathamanga, nzeru zikubwera m'mbuyo.

"Chabwino. Diresi langa la pa chinkhoswe ndisoka ndekha pa makina omwewa. Likakang'ambika, kaya msoko umodzi wokha ukakamasuka, mudzabwere mudzawanyamule."

"Mwanena nokhatu. Achimwene, mwamva?"

Bambo a kunyumba, amene anali atabisala kuseri kwa foni yawo, anangoti, "Ine ndamva, koma musandilowetsemo."

Nsalu ija inali yabuluu, yokhala ndi maluwa a mpendadzuwa aakulu ngati mbale yodyera, achikasu m'mbali, pakati pakuda. Mayi wa pavidiyo anati nsalu uziipinda pakati usanadule kuti mbali zonse ziwiri zifanane. Ndinapinda. Chimene sananene, poti nsalu yake inalibe maluwa, n'chakuti uziyamba waona pamene duwa lililonse likagwere pathupi. Matelala a m'makonde a kumsika amadziwa zimenezi (ndavomera, lembani), koma ine mtima wanga wonse unali pa msoko. Paliponse ndinkadutsapo kawiri, m'khwapa katatu. Zipi yabuluu sindinaipeze, ndiye ndinaika yakuda, yaitali bwino, yotsika mpaka m'munsi mwa chiuno.

M'nyumba mwathu galasi ndi limodzi, kaja kakang'ono kometera ndevu. M'mawa wa tsiku la chinkhoswe ndinadziyang'anamo chidutswachidutswa: khosi lili bwino, mapewa ali bwino, pamimba pagona. Zakumbuyo ndinadalira mwamuna wanga, poti ndiyo ntchito yake. Ndinatembenuka pamaso pawo pang'onopang'ono.

"Bwanji, ndatchena?"

Anandiyang'ana kumbuyoko. Kenako anatsokomola.

"Msoko ndiye walimbadi."

"Ndikufunsa ngati ndatchena."

"Anthu akuonani ndithu," anatero, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti analonjeza kukathandiza kuyala mipando. Ananyamuka okha, tiyi n'kumusiya akufuka nthunzi.

Chenjezo loyamba ndinalilandira pa siteji. Nditawerama kuti ndilowe m'minibasi ya ku Limbe, kondakitala anakuwa kuti, "Mami, lowani msanga, akutiyang'anitsitsatu awa!" Minibasi yonse inaphulika ndi phwete. Ine ndinaseka nawo, ndikuganiza kuti akunena apolisi a pamsewu. Ku Limbe pokwera ya ku Bangwe, mtsikana wina anandigwira pamkono, anatsegula pakamwa, kenako n'kungoti, "Basi, palibe." Ndinati mumtima mwanga, nsanje yayamba kale tisanafike n'komwe.

Chinkhoswe chinali pabwalo la nyumba ya alamu, atakhoma tenti, zimkuzamawu zili mbali zonse. Poyamba zinayenda bwino chifukwa ndinali nditakhala pansi. Ankhoswe anasinthana nkhuku, mnyamata anapeza mkazi wake pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje, tonse tinaimba nthungululu. Kenako woyendetsa mwambo anaitana akuchikazi kuti tikafupe. Apa ndiye ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinadzuka woyamba, n'kukakhala patsogolo penipeni pa mzere, kuti a Fanesi aone bwino ntchito ya manja anga.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi: ine kuvina ndimatha. Chimenechi ngakhale adani anga sakana. Nditangoyamba kudula chiuno, kumbuyo kwanga kunamveka chiphokoso ngati timu yagoletsa. Ndinati eya, diresi lagwira ntchito. Ndinawonjezera moto. Ndinawerama, ndinatsika mpaka pansi, ndinakweranso, dala kuti aliyense aone kuti msoko sukuchita mantha. Woyendetsa mwambo anakuwa pa maikolofoni, "Mayi awo asakhale pansi! Ibwezereni nyimboyo!" Anthu a kuchimuna, amene sindinawaonepo chibadwire, anayamba kudzuka m'mipando kudzandifupa ine m'malo mwa eni chinkhoswe. Bambo wina wachikulire wa jekete lotuwa ankapukuta misozi ndi tayi. Ndinaona a Fanesi ataphimba kumaso ndi manja onse awiri, ndipo ndinati mumtima, zawapweteka, makina sawatenganso.

Ndinavina nyimbo zinayi. Ndikunena izi kuti mudziwe kukula kwa nkhaniyi.

Mukudziwa anyamata ojambula aja amene saitanidwa koma sasowa pa chinkhoswe. Amakujambula osakufunsa, n'kuthamanga pa njinga yamoto kukatsukitsa zithunzi, pofika nthawi yobalalika n'kuti ataziyala pansi pa geti, atazitsindira ndi timiyala kuti zisauluke. Potuluka ndinaona anthu ataunjikana pamalo amodzi, akukankhana, ena akugwira m'mimba. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo kuti ndione changa.

Mzere wonse wakutsogolo unali chithunzi chimodzimodzi. Mayi wina wojambulidwa chakumbuyo, atawerama pang'ono. Pa thako lililonse panali duwa limodzi la mpendadzuwa, lathunthu, lokhala pakatikati ngati analiyeza ndi rula: maso awiri achikasu otong'oka, mboni zakuda bii, ndipo pakati pawo zipi yakuda ikutsika ngati mphuno. Kadzidzi weniweni. Ndinayamba kuseka nawo, ndikumumvera chisoni mayi wosadziwa kudziyang'anira ameneyo. Ndiyeno ndinaizindikira zipi ija.

Wojambula uja, poti anali asanandionepo kumaso, anandinyamulira chimodzi.

"Tengani ichi, mami, ndi chimene chikuyenda. Za mkwatibwi zangokhala, koma ichi ndatsukitsa kawiri. Mukuwadziwa mayi amenewa? Akamavina amaphethiratu maso!"

"Sindikuwadziwa," ndinatero, ndi mawu aulemu kwambiri.

Ndikanangoyenda chobwerera m'mbuyo. Koma munthu ukasokonezeka umaiwala, ndiye ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Ndi awa! Ndi awa eni ake!"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chiyambire. Ndinkafuna nthaka ya ku Bangwe ing'ambike ndilowemo, ndi diresi lomwe. Nthawi yomweyo a Fanesi anatulukira, chitenje chili m'manja.

"Mangani ichi, alamu. Mwatichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna. Chinkhoswe cha mwana wanga chasanduka cha matako anu."

Kunena zoona, chitenjecho ndinachilandira, ndipo ndinali nditayamba kale kuchizunguliza m'chiuno. Akanangokhala chete pamenepo bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma anawonjezera.

"Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndikubwera kudzatenga makina."

Ndinachimasula chitenje chija, ndinachipinda bwinobwino kanayi, n'kuwabwezera m'manja.

"Zikomo, sindikumva kuzizira. Mawa mundipeza."

Ndinayenda kuchoka pa geti mpaka pa siteji mutu uli m'mwamba, anthu akuimba mluzu m'mbuyo. Ndinalira nditafika kunyumba, kubafa, mpopi nditautsegula. Nditatuluka ndinawapeza bambo a kunyumba atakhala pampando mwaulemu ngati mlendo.

"Munaona inu. M'mawa muja munaona!"

"Ndinaona."

"Ndiye osanena?"

"Mayi a Tadala, munasoka masabata atatu, nsalu ina panalibe, ndipo m'manja munali mutagwira sizasi. Inuyo mukanakhala ine mukananena?"

Pamenepo anali ndi mfundo.

Lamulungu masana a Fanesi anafikadi. Galimoto yoti inyamule makina anaisiya kumsewu, poti njira ya kwathu ndi ya miyala yokhayokha. Anandipeza nditakhala pa makina paja, nditavala diresi lomwe lija, nditalichapa ndi kulisita. Anaima pakhomo, kukamwa kuli yasa.

"Simunalitenthe?"

"Nditenthe chifukwa chiyani? Alamu, tinapangana chiyani? Ndinati likang'ambika, kaya msoko ukamasuka. Za maso sitinakambirane. Ndavina nyimbo zinayi, ndakwera minibasi zinayi, pena nditapanikizidwa ndi thumba la makala. Nali diresi. Pezani pamene pamasuka."

"Musandichedwetse, galimoto ikudikira."

"Achimwene anu ndi mboni. Pezani."

Achimwene awo anayang'ana kudenga, koma anagwedeza mutu kuvomereza.

A Fanesi ndi mwana wa telala, zimenezo sindingawalande. Anaika chikwama pansi, n'kugwira mpendero wa diresi, n'kuutembenuza. Anayendetsa chala mumsoko. Anakoka. Anandikweza mkono n'kukoka m'khwapa, mwamphamvu moti ndinatsala pang'ono kugwa. Anandizungulira n'kukayesa zipi, kukweza, kutsitsa, kukwezanso, maso aja akuwayang'ana pafupi. Ndinkadziwa kuti ulusi umodzi wokha ukangoti phwi, pakona paja patsala wailesi.

Anasiya. Anatembenuka n'kuyang'ana makina aja.

"M'khwapa mwadutsamo katatu," anatero, mawu atatsika. "Mayi ankateronso. Ankati mkazi amang'ambikira m'khwapa."

Sindinayembekezere zimenezo, ndipo pang'ono ndikanawakumbatira.

"Koma diresi ili ndi lonyansa, alamu. Lonyansa zedi."

"Lonyansa, koma lolimba."

"Lolimba," anavomera ngati akumeza mankhwala owawa. Anatola chikwama chawo. "Muziwathira mafuta. Ndipo tsiku lina musanadule nsalu, muzindiimbira foni."

Sindinalonjeze.

Pano ndikayenda mumsika, anyamata ogulitsa tomato amaitana kuti, "Maso anayi, tiyeni kuno!" ndipo ine ndimayankha, chifukwa amandiikira basera. Chithunzi chija ndamva kuti chinafika mpaka ku Ndirande, pa mafoni a anthu amene sindidzawadziwa. Amayi a kumpingo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti Mulungu anafuna kundiphunzitsa kudzichepetsa. Mwina n'zoona, ndipo mwina tsiku lina phunzirolo lidzandilowa. Koma Lamulungu limenelo linali lisanalowe. Mlendo timamuperekeza, ndiye ndinawaperekeza alamu anga kuchoka pakhomo mpaka kumsewu kumene galimoto inkadikira yopanda katundu, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali m'makonde. Njira ya kwathu ndi yopapatiza, sayenda awiriawiri. Ine ndinali patsogolo, iwo m'mbuyo, ndipo sindinafulumire.