Buku la Lusungu Lanenepa

Kwa Bwana Mkulu,
amene zipatala zazing'ono za kuno kwathu zili m'manja mwawo.

Olemekezeka Bwana,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene anatipatsa khungu, natipatsanso zikhadabo. Ndine Rute Shaba, kwathu amati NyaShaba, mkazi wa a Zondwayo Jere. Timakhala kummwera kwa Boma, njira ya ku Edingeni. Sukulu ndinalekezera Folomu 4, ndipo Chichewa ndinachiphunzirira m'kalasi, ndiye mukapunthwa penapake m'kalata muno mundikhululukire. Dzina lanu sindikulidziwa. Nditafunsa pachipatala chathu anandiuza kuti inu mulipo ndithu, kungoti muli ku msonkhano. Ndinavomera, poti ife a kutchalitchi tinazolowera kukhulupirira zimene sitinaone.

Ndalemba kuti ndithokoze, komanso kuti ndiulule tchimo. Zonse ziwiri zikukhudza mwana wanga Lusungu, wa zaka zinayi, ndi buku lake la kuchipatala.

Lusungu anayamba kukanda ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Khungu limauma mkati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo, pakhosi ndi m'masaya. Akakanda limang'ambika, likang'ambika limatuluka madzi, madziwo akauma diresi imamatirira pachilonda, moti kuti ndimuvule ndimayamba ndanyowetsa nsaluyo. Ikafika Juni, mphepo yozizira ya kuno n'kuyamba kuulutsa fumbi, mwana amakhala ngati wagwera mu chitedze. Ndi zimenezi ndinapita nazo m'manja mwanu, ndipo zimene ndalandira ndazindandalika kuti ndisaiwale chothokoza chilichonse.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha changu. Ulendo woyamba inali nthawi imene mphere zinavuta pasukulu ina yogonera komweko. Adokotala anali tsidya lina la tebulo, Lusungu ali kumsana kwanga, kukuoneka chipewa chokha. Ndinangoti, “Mwana akukanda,” cholembera chinali chitayamba kale kuyenda. Analemba liwu lachingerezi lotanthauza mphere ine ndisanamasule n'komwe chitenje. Kuona matenda kupyola mayi, kupyola chitenje ndi juzi, imeneyi ndi mphatso, Bwana. Muwasunge bwino anthu oterewa, mayiko ena angawabe.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha umodzi. Antchito anu ndi ogwirizana kuposa kwaya yathu. Ndinapitako kasanu ndi katatu, n'kukumana ndi madokotala anayi osiyana. Aliyense ankatsegula buku, kuwerenga zimene analemba mnzake, kugwedeza mutu, n'kulemba zomwezo pansi pake. Kusekondale izi tinkazitcha kuonera, ndipo ukagwidwa unkakumba dzenje. Ndakula tsopano, ndazindikira kuti ndi ulemu. Palibe amene akufuna kuchititsa mnzake manyazi chifukwa cha kamwana.

3. Mankhwala oyera a m'botolo aja, opaka thupi lonse. Mankhwala ena amatha pawindo lolandirira mankhwala, koma amenewa sanathepo ngakhale tsiku limodzi. Mwina simunawapakepo pakhungu long'ambika, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira: bambo ake amagwira miyendo, ine manja, Lusungu n'kumakuwa kuti, “Amama, ndapota, moto!” Ndipo poti lamulo ndi lakuti apake onse a m'nyumba, tinkapaka tonse asanu. Apongozi anga a NyaMoyo, pa ulendo wachinayi, anati, “Ine ndakalamba wopanda mphere, lero mukundipaka laimu ngati nyumba yoyembekezera alendo. Mbwenu mundilembenso nambala pakhomo.” Koma anapakabe, poti ndi zaboma.

4. Ukhondo. Ulendo uliwonse ankatiuza kuti tiwiritse zovala ndi zofunda zonse, ndipo tinkawiritsa. Jekete ya a Zondwayo ya kutchalitchi pano manja ake amalekezera pachigongono. Bulawuzi yanga yoyera ya Umanyano, gulu lathu la amayi a mpingo, inatenga mtundu wa bulangete. Ndipo tikayanika katundu yense pabwalo, kuchokera pachithandala mpaka pakhola la ng'ombe, mudzi wonse umadziwa za kwathu popanda wolengeza.

5. Ndikuthokozanso chifukwa cha mtundu wa mphere umene munatisankhira. Ku bayoloje tinaphunzira kuti mphere sizichedwa kulumpha kuchoka pa munthu kupita pa wina. Lusungu amafunda bulangete limodzi ndi mkulu wake Pamela, ndipo ine ndimamubereka tsiku lililonse. Chaka ndi theka chatha, palibe wina wakandapo. Mphere zathu n'zokhulupirika, zinachita ukwati ndi munthu mmodzi. Ndinayesa kunena zimenezi kwa adokotala achitatu. Anandifunsa kuti, “Mayi, dokotala ndi inu kapena ine?” Ndinavomera kuti ndi iwo, poti anali atavala zoyera.

6. Malo. Kusukulu ya mkaka a Madamu Iness anaona khosi la mwana, n'kupempha buku. Atawerenga masamba asanu ndi atatu a liwu limodzi, anati Lusungu ayambe wakhala kunyumba. Sindikuwadandaula, nawonso ali ndi ana a eni ake oti awateteze, ndipo nawonso amakhulupirira zolembedwa. Panopa Lusungu amakaima kuseri kwa mpanda wa sukuluyo, anzake akamaimba mkati iye n'kumavomera ali panja. Kutchalitchi nako tinapata benchi yathuyathu. Ena amapanikizana mpaka thukuta, ife tikhoza kugona chotambalala. Yewo chomene.

Zothokoza zathera pamenepa. Tsopano machimo anga, ndipo ndiyamba ndi aang'ono.

Ndinamuveka masokosi m'manja n'kuwamanga ndi ulusi, ngati nkhuku yopita kumsika. Tsiku lina nditatopa ndinamumenya padzanja chifukwa chokanda, iye n'kundiyang'ana, n'kumakandabe akulira. Ndinalolanso kuti apongozi abweretse mizu ina ya kwa munthu wina amene dzina lake sinditchula m'kalata yoyamba ndi dzina la Ambuye. Zonsezi ndinalapa kale.

Tchimo lalikulu ndi ili. Mwezi wa Malichi ndinakulunga buku lija m'pepala la pulasitiki, n'kulibisa pansi penipeni pa chikwama. Ndinagula latsopano, ndinakwera minibasi, n'kupita kuchipatala china chakutali kumene sandidziwa. Atandifunsa za buku lakale ndinati linadyedwa ndi chiswe. Ndinanama, Bwana, ine wa Umanyano, bukulo lili pamiyendo panga pomwepo. Ndinanamizira ndi chiswe chomwe, cholengedwa chimene sichinandilakwire.

Amene tinawapeza anali mayi wachikulire wa magalasi. Anatsegula buku, n'kupeza masamba oyera okhaokha. Anasowa chowerenga, mayi wachisoni, mpaka anakakamizika kuyang'ana mwana. Anamuvula, anatembenuza manja, anayang'ana pakati pa zala, kuseri kwa mawondo, pakhosi. Anamugwira ndi manja awo, Lusungu mpaka anadabwa. Anafunsa ngati kunyumba alipo wina amene akukanda, ndinati ayi. Anafunsa ngati kubanja kuli wa mphumu, ndinati bambo ake. Pamenepo anati izi si mphere. Anati ndi ekizema, ena amati chikanga: khungu la mwanayo silisunga chinyezi, sizipatsirana, ndipo sizitheratu ndi botolo limodzi koma zimagonja ukamazisamala. Nditawauza za mankhwala oyera aja, anati pakhungu lotere ndi ngati tsabola pabala.

Anandilangiza bwinobwino, ine ndikulemba pachikhatho. Kumusambitsa mwachidule ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Sopo wonunkhira ndi chinkhupule, ayi. Kumupukuta mosakhula, n'kumupaka vaselini wopanda fungo khungu lisanaume, kenako kubwereza kangapo patsiku. Juzi yaubweya isamakhudze thupi, mkati muzikhala ka thonje. Zikhadabo zizikhala zowenga. Ndipo anatipatsa kachubu kakang'ono ka mafuta opaka pamalo otupa okha, kwa masiku owerengeka, n'kunena kuti zikadzabukanso ndidzapite kuchipatala chapafupi akandipatse kena, ndipo ndikadzaona nkhanambo zachikasu ndisadzachedwe.

Patatha milungu iwiri diresi inayamba kuvulika yosanyowetsa. Lusungu anagona mpaka kunja kuyera, ine n'kumakamugwira pamphuno kuti ndione ngati akupuma. Pano ndi pamene chikhulupiriro changa chinasokonezeka, Bwana. Chaka chathunthu ndinanena zoona, mwana n'kumapsa. Ndinanama kamodzi, mwana n'kugona. Funso limeneli ndinapita nalo kwa a mkulu wa mpingo, anati abwera nalo yankho. Nawonso akuoneka kuti ali ku msonkhano.

Kachubu kanatha. Kumapeto kwa Meyi kuzizira kutayamba, khosi linayambanso. Ndinapita kuchipatala chathu monga anandiuzira, buku latsopano lili m'manja. Lakale linali m'chikwama momwe muja, poti katemera yense wa mwana analembedwa mmenemo ndipo ndimaopa kulitaya. Pawindo lolembetsera panali a Goodluck, amene amaimba bezi mu kwaya yathu. Atangoona anati, “Ah, NyaShaba, buku latsopano? Nanga lathu lija, lonenepa lija, mwaliika kuti?” Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule chiswe. Koma munthu amene waimba naye Lamulungu, kumunamiza Lolemba n'kovuta. Ndinapisa dzanja m'chikwama.

A Goodluck ndi munthu wothandiza. Anati mabuku awiri amasokoneza, n'kuwalumikiza ndi sitepula, lakale pamwamba poti ndi lalikulu. Adokotala anawerenga kuyambira tsamba loyamba monga mwa mwambo. Anapeza asanu ndi atatu akuti mphere, mmodzi akuti ekizema. Ngakhale pachisankho, Bwana, zikatere wopambana amadziwika. Anati mayi wa magalasiyo sakumudziwa, n'kulemba kachisanu ndi chinayi. Lusungu anali ataima pafupi ndi chitseko, akukhula khosi pafelemu.

Pawindo la mankhwala, wogawa ananditsitsira mawu n'kunena kuti timachubu tija tilimo m'kabati, tina tatsala pang'ono kutha mphamvu, koma iye amapereka zimene zalembedwa. Anandipatsa botolo loyera. Lili pashelefu losatsegula, ndipo kumeneku ndi kusamvera kwanga kwachiwiri. Ndikumupaka vaselini yekha m'mawa, masana ndi madzulo. Akuthandiza, koma pakhosi payamba nkhanambo zachikasu zija anandichenjeza, ndipo Julaye sanafike n'komwe.

Musaganize kuti zonse zaipa. Buku lili bwino kwambiri. Lawonjezera masamba, lili ndi masiginecha asanu, chikuto ndinachimata ndi pulasitiki kuti lisamve chisanu. Aliyense amene talipititsako waligwira ndi manja awiri, walitembenuza uku ndi uku, waliyang'anitsitsa. Chiyambire silinakandepo.

Ndiye pempho langa, Bwana, ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Sindikupempha galimoto, kapena chipatala chatsopano, kapena kuti wina achotsedwe ntchito. Ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo adokotala amakhala mmodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikungopempha chimodzi mwa ziwiri. Mulamule kuti Lolemba likubwerali, tikadzalowa, buku lidzakhale lotseka kwa mphindi imodzi yokha, kuti maso a adokotala adzasowe kolowera n'kugwera pakhosi la mwana. Ngati zimenezi zikusemphana ndi malamulo a ntchito, mundilembere chilolezo chodinda chidindo chanu, chonena kuti NyaShaba aloledwa kunamizira chiswe kamodzi pachaka, kuti tchimolo tizisenza awiri.

Zonse ziwiri zikakanika, ndimvetsa. Mungondiuza tsiku loti ndizibweretsa buku lokha, poti ndi limene mwakhala mukulichiza. Lusungu azitsala kunyumba, asamavutike ndi fumbi la m'njira.

Ine wanu wogonjera, amene sindileka kukupemphererani kuti msonkhano uthe bwino,

Rute Shaba (NyaShaba),
mayi wa Lusungu, msungi wa buku lake.