Mkwatibwi Akwera ya Ndani?

Lolemba
A Gondwe a ku ofesi ya zaulimi, amene tayandikana nyumba, abwera ndi galimoto kuchokera ku Dar es Salaam. Yabuluu. Matayala opaka golide. Kumbuyo phiko, pamwamba pa injini chibowo. Migowi yense waima! Yanga ija, yoyera, imene yanyamula akwati a dera lino chiyambire matipate, lero ana akungoitsamira kuti aone bwino ya eni ake.
Loweruka ndi ukwati wa Esinati, mwana wa malemu mlongo wanga, ku Mkhumba. Ndinamulonjeza ali wamng'ono kuti kutchalitchi ndidzamuperekeza ndine. Palibe chosintha.

Lachiwiri
Komiti ya ukwati yakumana. Mvula ikugwa, msewu wa ku Mkhumba wasanduka phala. Wapampando, a Namakhwa, akuti: "Ya aphunzitsiyi tikuilemekeza, koma makande aja sadziwa ulemu." Onse maso kwa a Gondwe, amene sali m'komiti n'komwe, angobwera kudzabwereka pampu.
Ndanena kuti yanga idzafika. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndimafunira.

Lachitatu
A Gondwe andiitana kukaonera tepi ya mipikisano ya magalimoto. Ndapita kuti ndikapeze zolakwika.
Zimene ndaona:
magalimoto akuuluka pa zitunda ngati ziwala;
ena akuthamanga pa chipale, ena m'fumbi la ku Kenya;
munthu wachiwiri akuwerengera dalaivala msewu, osadzutsa mutu;
yabuluu ngati yawoyo ikuwina, eni ake n'kumathirana zakumwa.
Iwo akuti: "Kale anthu ankati kukoka ndi matayala onse anayi ndi za mathirakitala ndi asilikali. Galimoto ina yotero italowa mumpikisano, anzake anangodya fumbi. Limodzi likaterereka, atatu amagwira."
Ndayankha kuti imamwa mafuta kwambiri. Avomera akumwetulira. Munthu ungakangane naye bwanji wotere?
Mtima ukundipweteka. Ndi nsanje, ndisaname.

Lachinayi
Nzeru yabwera! Mavenda a nandolo pamsika akafuna kudutsa m'matope amadzaza matumba kumbuyo kwa mapikapu awo, matayala n'kugwira. Nanga ine ndalephera chiyani? Ndathira mchenga m'matumba a feteleza, ndadzaza buti mpaka pakamwa. Galimoto yakweza mphuno, ikuoneka yonyada.
Mayi a kunyumba akuti: "Bambo, bwanji osangowapempha a Gondwe?" Dzulo ndawaona akuyang'anira nkhope pa chitseko cha yabuluu ija, akukonza duku. Pa yanga sanayambe adzionerapo.
Ya a Gondweyo ikamadzuka m'mawa imagunda pansipansi, kenako kakhweru. Ndatseka zenera. Ndatsegulanso pang'ono.

Lachisanu
Tsiku lokongoletsa. Atsikana a kwaya abwera ndi maliboni ndi mabaluni. Maliboni abwino athera pa ya a Gondwe, ati ndi yonyamula aphelekezi chabe. Yanga aikulunga mapepala a kuchimbudzi, apinki. Mvula yawaza madzulo. Tsopano ikuoneka ngati yatuluka zipere.
A Gondwe ayang'ana buti yanga, atsegula pakamwa kuti anene kanthu. Ndawadula: "Ndayamba kuyendetsa inu muli pa sukulu." Atseka pakamwa.

Loweruka
Popita kukatenga mkwatibwi ndafika, movutikira, chiwongolero chikupepuka modabwitsa. Pobwera, tikulunjika kutchalitchi, Esinati ali kumbuyo ndi velo yake, tafika padambo la makande. Fwaa! Matayala akutsogolo akungozungulira m'malere, akumbuyo amira. Anyamata akankha, matope athera pa masuti awo. Belu la kutchalitchi likumveka patali. Esinati wayamba kulira, ufa wa kumaso ukutsika.
A Gondwe aima pambali pathu, osaterereka ngakhale pang'ono. Andikokera pambali, akunong'ona kuti anthu asamve: "Aphunzitsi, mapikapu aja amakankha ndi akumbuyo. Yanuyi imakoka ndi akutsogolo. Mchengawu wawanyamula m'mwamba."
Galimoto ndakhala nayo zaka zonsezi, ine osadziwa kuti imayendera miyendo iti!
Ndikudikira kuti aseke. Sakuseka. Akundipatsa kiyi. "Mwana ndi wanu. Mukamutule ndinu."
Ndakwera. Ndaponda pang'ono chabe. Mayo ine! Msana wamatirira kumpando, dambo latha ndisanaliganize. Pa kona ikugwira msewu ngati nkhupakupa. Esinati wasiya kulira, akukuwa: "Amalume, pondani!" Ndaponda. Ndamva munthu akuseka mokweza m'galimotomo, kupeza kuti ndine.
Tafika abusa asanatope. Nthungululu! Lonjezo ndakwaniritsa, pa mpando wa mwini wake.

Lamulungu
Yanga yagona kudambo. Tikaitenga mawa ndi ng'ombe, tikayamba tatsitsa mchenga.
Kutchalitchi aliyense akundigwira chanza: "Dzulo munayendetsa bwino, koma galimoto ijanso ndi galimoto!" Inde, ndamva.
Ndayesa kufufuza choipa pa munthu uja. Palibe. Pa galimoto yake, palibe. Zonse zimene ankanena pa tepi paja ndi zoona, ndipo mwendo wanga wakumanja ukuzikumbukirabe. Akanandiseka bwenzi ndikudana naye mwamtendere.
Mayi akuti tiyenera kukathokoza ndi nkhuku, ndiwo mwambo. Sindikukana. Ndikupita.
Ndasankha yowonda.