Thumba la Chigamba Chofiira

Pulani inabadwira pa shabini ya Mayi Lefina ku Mtunthama, pakati pa botolo lachiwiri la kachasu ndi lachitatu, nthawi imene munthu aliyense amakhala wanzeru. Mwini pulaniyo anali Tsoka, yemwe ankafuna tizimutchula kuti Jenerale, ngakhale nkhondo yokhayo imene anamenyapo inali ya ndi mkazi wake Consolata, ndipo anagonja. Anali ndi asilikali awiri: Mphepo, wotchedwa Thirakitala chifukwa cha mphamvu zopanda chiwongolero, ndi Levison, wotchedwa Netiweki chifukwa foni sinkachoka m'manja mwake.

Masiku amenewo Kasungu yense anapenga ndi chalenji ya Senza Thumba. Munthu ankasenza thumba la chimanga, n'kuvina nalo akumujambula, n'kutchula anzake atatu kuti nawonso achite chimodzimodzi. Kenako thumbalo linkayenera kutsala kwa Mayi Ezelina, amene ankaphikira phala ana a matenanti a m'maesiteti a fodya. Anavina aphunzitsi, anavina akabaza, anavina ngakhale nkhalamba zoyendera ndodo.

"Taonani amwene, mavidiyo mbwee," anatero Netiweki akupukusa chala pa foni. "Vidiyo iliyonse ndi thumba."

"Ndiye kuti shedi ya mayi uja yadzaza mpaka kudenga," anatero Jenerale. "Dilu ili chonchi. Ine ndi Thirakitala tilowa ngati opereka. Iwe Netiweki udikira kuseri ndi ngolo. Matumba azitulukira pazenera, gemu yatha."

"Nanga thumba lolowera tilitenga kuti, bigi?" anafunsa Thirakitala.

"Kwathu lilipo."

Linalipodi, limodzi lokha. Unali mwezi wa February, fodya akadali m'munda, ndipo thumbalo ndi limene Consolata ankadalira kuti afike nalo pa mondokwa. Ankalisunga kunsi kwa bedi, ndipo pamene panaboola khoswe anasokapo chigamba cha chitenje chofiira.

"Tingobwereka," anatero Jenerale. "Madzulo libwerera ndi abale ake, mayi wa kunyumba asanadziwe."

Pa amuna atatu obadwira pamunda, palibe anadzifunsa kuti nkhalamba ya ndodo imavina bwanji itasenza thumba lodzaza chimanga.

Loweruka masana, Consolata atapita kukwaya, anafika pa shedi ya Mayi Ezelina, Thirakitala thukuta lili kamukamu. Mayiwo anagwira thumbalo, nalifinya, nalowetsamo dzanja. Atatulutsa njere zenizeni za chimanga, misozi inalengeza.

"Bambo, Mulungu akudalitseni," anatero. "Lowetsani mkatimo. Ndikaitane amayi anzanga adzakuimbireni."

Anatsekula loko n'kuthamanga. Jenerale anatsinzinira mnzake. "Waona, mfana? Kiyi watipatsa yekha."

Analowa n'kutseka chitseko. Mkati munali mdima ndi fungo la fodya. Maso atazolowera, anaona miphika iwiri yovundikira ndi matumba atatu pakona. Atatu basi. Thirakitala ananyamula limodzi ndi zala ziwiri.

"Bigi, chimanga ichi chikudwala."

Jenerale analing'amba ndi mpeni, ndipo munatuluka zinyenyeswa za fodya wa chaka chatha, zotola m'chigafa, pamodzi ndi fumbi lake. Awa ndiwo anali matumba a chalenji. Kasungu yense ankabwerekana atatu omwewa, kuvina nawo, kulandira malaiki, n'kuwabweza. Ana a matenanti ankamwa phala la malonjezo.

Fumbi la fodya silinyengerera munthu. Jenerale anayetsemula, Thirakitala anayankha, ndipo malata analira.

"Tenga lathulo tizipita!" anatero Jenerale misozi ili chuchuchu. Apa mantha anamugwira zenizeni, osati a polisi, koma a Consolata.

Kukhomo kunali kutamveka kale nyimbo ndi nthungululu. Njira inatsala ya pazenera. Anakankha thumba, linakana. Jenerale anati atsogole iye kuti akalikokere kunja, koma zenera la shedi silinapangidwire mimba ya masese. Mutu ndi mapewa zinatuluka, zotsalazo zinakhalira mkati, miyendo ikupalasa njinga yosaoneka.

Kuseriko Netiweki anali atatopa n'kudikira. Poona kuti aliyense akutchuka kupatula iye, anali atayatsa laivu ali pangolo.

"Muli bwanji mafanzi, ndine Levison wanu," ankatero. "Lero tikupanga zathu za Senza Thumba, koma ife tikusenza onse. Amene akutuluka pazenerawa ndi bigi wathu, a Tsoka a kwa Consolata. Bigi, perekani moni."

Jenerale anatsegula pakamwa kuti atukwane, koma chimene chinatuluka ndi chiyetsemulo china.

Amayi anazungulira shedi, nyimbo n'kuzima pakati pa ndime. Ena anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Mayi Ezelina okha sanaseke. Anakumbukira thumba limene linali litawaliritsa ndi chimwemwe, nayang'ana mutu uli pazenerawo, n'kungogwira pakamwa. Zinandimvetsa chisoni.

Apolisi a m'mudzi anamusolola Jenerale ngati chinangwa, n'kuwakhazika atatuwo pansi pa mtengo wa mango.

"Mwaba chiyani?" anafunsa wapampando wawo, a Grey.

"Chimanga changa chomwe," anatero Jenerale. "Munthu saba chake."

"Chako?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa gulu, ndipo anthu anapatuka okha. Consolata anali ataonera laivu yonse pa foni ya mnzake wa kukwaya. Anadutsa mwamuna wake ngati chitsa, nalowa m'shedi, nagwira chigamba chofiira chija. Kenako anaona matumba a fodya ndi miphika youma ija, natembenukira kwa Mayi Ezelina.

"Mayi Ezelina, pungulani theka muphikire anawo," anatero. "Theka linalo ndi la anga. Bambo awa adya malaiki."

Vidiyo ya Netiweki inayenda kuposa magule onse a chalenji. Anthu anaseka miyendo ya Jenerale, koma anaonanso zinyenyeswa za fodya zili mbwee pansi, ndipo ambiri anazindikira thumba limene anavina nalo. Manyazi anagwira ntchito imene gule analephera. Sabata yotsatira njinga zinayamba kufika, wina ndowa ya chimanga, wina soya, ena matumba athunthu.

A Grey anagamula kuti kuwatsekera anthu atatuwa n'kuwononga chakudya cha boma. M'malo mwake, katundu aliyense wofika azimusenza iwo kuchokera kumsewu mpaka m'shedi.

Mukadutsa pa Mtunthama mudzamuona Jenerale atapindika ndi thumba pamsana, ana a matenanti akumutsatira ndi makapu awo a phala. Achinyamata amamulozetsa mafoni n'kumukuwiza kuti avineko pang'ono. Iye savina. Ndi yekhayo mu chalenji yonseyi amene akudziwa kulemera kwa thumba la chimanga.